Nkhokwe ya Mbewu: Tisunge Mtundu wa Nsomba ndi Ziweto Zathu

Mlimi aliyense amadziwa kuti ngakhale njala ivute chotani, mbewu sadya. Amayi amasankha chimanga cha maso akuluakulu, n'kuchipachika kutsindwi la khitchini kuti utsi uziingitsa anankafumbwe mpaka mvula yoyamba itagwa. Chimanga cha mbewu tingachimange pa nsalu kapena kuchisunga mu nsupa. Nanga mbewu ya chambo, ya mpasa, ya mbuzi ndi ya nkhuku zathu zachikuda tingaisunge pati? Nkhani ino ikufotokoza mmene mtundu wa nsomba kapena chiweto umatayikira, njira zimene akatswiri amagwiritsa ntchito pousunga, komanso gawo limene makomiti a m'mbali mwa nyanja ali nalo pa ntchitoyi.

Kodi chimene tikusunga ndi chiyani?

Chamoyo chilichonse chimatengera makolo ake. Kukula msanga, kupirira matenda, kuswa ana ambiri, kupirira kutentha kapena madzi a mchere, zonsezi zimachokera kwa tate ndi mayi kudzera mu umuna ndi dzira. Zotengera kwa makolozi ndi zimene tikuzitcha chibadwa. Theka la chibadwa limachokera kwa yaimuna ndipo theka linalo kwa yaikazi.

Tikayang'ana nkhuku za pamudzi timaona kuti si zofanana. Pali kameta wopanda nthenga m'khosi, amene amapirira kutentha kwa kuno kunyanja. Pali kansilanga wa nthenga zonyankhalala, pali kachibudu wopanda chipsepse, palinso zina za miyendo ifupiifupi. Matenda akagwa m'khola, zambiri zimafa koma zina zimapulumuka, ndipo zopulumukazo ndi zimene zimadzutsanso khola. Zikanakhala zofanana zonse ngati ana a mimba imodzi, tsoka limodzi likanazitha zonse tsiku limodzi.

Chimodzimodzinso m'madzi. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lonse, ndipo akatswiri amati mitunduyi ndi pakati pa 800 ndi 1,000. Yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Chambo chenicheni chimene timachidziwa chili ndi mitundu itatu, imene pa sayansi amaitcha Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole. Kwawo kwa mitundu itatuyi ndi m'nyanja ya Malawi ndi m'madzi olumikizana nayo, monga mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe. Chambo chikatha kuno, palibe dziko lina limene tingakapempheko mbewu.

Njira zinayi zimene mbewu imatayikira

Njira yoyamba ndi kupha nsomba mopyola muyezo. Asodzi akuluakulu a ku Malombe akukumbukira kuti m'chaka cha 1982 nyanjayi inatulutsa chambo choposa matani 8,000. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990, chambo chimene chinkagwidwa pa chaka sichinkafika ngakhale matani 1,000. Vuto limeneli ndi limene linachititsa kuti m'chaka cha 1993 Boma liyambe kugwirira ntchito limodzi ndi asodzi kudzera m'makomiti ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire. M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN, limene limaunika zamoyo zimene zili pa chiopsezo, linaika mitundu itatu yonse ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo linanena kuti mtundu wa lidole mwina unatha kale. Ntchila nayo, imene inkadzadza mabwato m'zaka za m'ma 1950, ana ambiri a lero amangoimva dzina.

Njira yachiwiri ndi kuchotsa zabwino n'kusiya zofooka. Mwini damu akamakolola nsomba zikuluzikulu zonse n'kukagulitsa, zimene zimatsala kuti ziswane ndi zokula mochedwa. Ana ake amatengera makolowo, ndipo pakapita zaka zingapo damu lonse limadzadza ndi nsomba zopinimbira. N'chimodzimodzi ndi munthu amene amagulitsa tonde wamkulu chaka chilichonse n'kusiya kamtonde konyentchera kuti kazikwera mbuzi zonse.

Njira yachitatu ndi kukwerana pachibale. Anthu ambiri amayamba damu ndi nsomba zochepa zimene apatsidwa ndi mnzawo, amenenso anapatsidwa ndi mnzake. Nsomba zonse za m'mudzimo zimakhala za banja limodzi, mlongo kuswana ndi mlongo wake chaka ndi chaka. Zotsatira zake ndi ana ofooka, mazira osaswa bwino, nsomba zopindika msana komanso zosachedwa kudwala.

Njira yachinayi ndi kusakaniza ndi mitundu yachilendo. Ku nyanja ya Victoria, kumene kumakumana maiko a Uganda, Kenya ndi Tanzania, anthu anaikamo nsomba yaikulu yodya zinzake yotchedwa Nile perch m'zaka za m'ma 1950. Pofika m'ma 1980 inali itachuluka, ndipo mitundu pafupifupi 200 ya nsomba zing'onozing'ono, abale ake a utaka ndi kambuzi wathu, inasowa. Ku nyanja ya Kariba, nsomba yotchedwa Nile tilapia imene inathawa m'malo owetera inalanda malo a tilapia wa komweko. Ku mtsinje wa Kafue m'dziko la Zambia, nsomba yomweyi yakhala ikuswana ndi tilapia wa mumtsinjemo. M'chaka cha 2013 akatswiri analemba kuti Nile tilapia yapezeka m'madera a ku Tanzania amene madzi ake amatsikira m'nyanja yathu. Nsombayi ndi ya m'gulu limodzi ndi chambo ndi makumba, choncho ikhoza kusokoneza mtundu. Mitundu iwiri ikasakanikirana m'nyanja, palibe sefa imene ingailekanitse. Madzi akatayika saoleka.

Mavuto amenewa sali m'madzi mokha. Lipoti la bungwe la FAO la m'chaka cha 2007 linasonyeza kuti m'zaka zisanu ndi chimodzi zokha, mitundu 62 ya ziweto inatheratu pa dziko lapansi. Izi zikutanthauza pafupifupi mtundu umodzi mwezi uliwonse. Chaka chomwecho maiko anakumana ku Interlaken m'dziko la Switzerland n'kugwirizana ndondomeko yoteteza mitundu ya ziweto.

Mmene akatswiri amasungira mbewu m'chisanu

Mbewu za kumunda n'zosavuta kusunga. Ku Chitedze ku Lilongwe kuli nkhokwe kumene amaumitsa mbewu za mapira, mawere, nzama, khobwe ndi zina n'kuzisunga pozizira kwa zaka zambiri. Koma ng'ombe sungaiyanike, ndipo umuna wa nkhunzi umafa pakangopita nthawi yochepa utatuluka m'thupi.

Njira inapezeka m'chaka cha 1949 ku England, pamene Christopher Polge ndi anzake anatulukira kuti umuna ukasakanizidwa ndi mankhwala otchedwa glycerol umatha kuumitsidwa ndi chisanu osafa. Vuto la chisanu ndi lakuti madzi a m'kati mwa mbewu akamauma amasanduka timiyala tosongoka ta ayezi timene timaboola mbewuyo. Mankhwalawa amaletsa timiyalati kupangika. Pasanathe zaka zambiri, ana a ng'ombe anayamba kubadwa kuchokera ku umuna woumitsidwa.

Masiku ano ntchitoyi imayenda motere. Akatswiri amatenga umuna wa nkhunzi yosankhidwa, amauyeza ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono, amauthira mankhwala oteteza, kenaka amauika m'timapaipi topyapyala tofanana ndi kam'kati ka bolopeni. Pa kapaipi kalikonse amalembapo nambala ya nkhunzi, mtundu wake ndi tsiku. Timapaipito amatimiza m'thanki ya nayitirojeni wamadzi, amene amazizira kufika madigiri 196 pansi pa ziro. Kuti timvetse, ayezi amene timaika m'nsomba amakhala pa ziro, ndipo firiji yosungira nyama imafika madigiri 18 okha pansi pa ziro. Pa kuzizira kwa nayitirojeni zonse za m'kati mwa mbewu zimaima, ndipo imatha kukhala zaka makumi angapo ili moyo. Tsiku lofuna kuigwiritsa ntchito, amaviika kapaipi m'madzi ofunda n'kuika umunawo m'chiberekero cha ng'ombe yaikazi imene ili pa nyengo. Umu ndi mmene alimi a ng'ombe za mkaka ku Thyolo, Chiradzulu ndi madera ena amaberekesera ng'ombe zawo popanda nkhunzi m'khola.

Komabe umuna uli ndi theka lokha la chibadwa. Tiyerekeze kuti mtundu wina wa ng'ombe watha ndipo chatsala ndi umuna wokha m'thanki. Tikaupereka kwa ng'ombe yaikazi ya mtundu wina, mwana amakhala ndi magawo 50 pa 100 a mtundu wotayikawo. Mwana wamkaziyo akakula n'kupatsidwanso umuna wa mtundu womwewo, mdzukulu amafika magawo 75. M'badwo wachitatu umafika magawo 87, ndipo wachinayi magawo 93 ndi pang'ono. Kwa ng'ombe imeneyi ndi ntchito ya zaka zoposa khumi. N'chifukwa chake akatswiri amaumitsanso mluza, kutanthauza dzira limene lakumana kale ndi umuna ndipo langotha masiku pafupifupi asanu ndi awiri. Mluza uli ndi chibadwa chonse, cha tate ndi cha mayi, ndipo ukaikidwa mwa ng'ombe yaikazi ya mtundu uliwonse, mwana amabadwa wa mtundu wa eni mluzawo. Mwana wa ng'ombe woyamba wochokera ku mluza woumitsidwa anabadwa m'chaka cha 1973. Muno mu Africa, nthambi yoona za ziweto ya bungwe la African Union inasankha malo asanu okhala ndi nkhokwe zotere, ndipo ya maiko a kum'mwera kuno ili ku Gaborone m'dziko la Botswana.

Chifukwa chake nsomba ndi zovuta

Umuna wa nsomba umatheka kuumitsidwa. Woyamba kuchita zimenezi anali J. H. S. Blaxter ku Scotland m'chaka cha 1953, ndipo kuchokera nthawi imeneyo zatheka pa mitundu yambiri, kuphatikizapo tilapia ndi mlamba. Amangofinya mimba ya nsomba yaimuna pang'onopang'ono ndipo umuna woyera ngati mkaka umatuluka. Kwa mlamba sizitheka kufinya, choncho amaing'amba yaimunayo.

Koma mpaka lero palibe njira yodalirika youmitsira mazira a nsomba kapena mluza wake. Dzira la ng'ombe ndi laling'ono kwambiri moti maso salionetsetsa, choncho mankhwala oteteza amalowa msanga. Dzira la chambo ndi lalikulu, aliyense amene anatsegulapo kamwa la chambo chofungatira analiona, ndipo ladzadza ndi chakudya cha mwana komanso lili ndi chikopa chimene mankhwala salowa bwino. Likaumitsidwa limafa. Dzira la nkhuku lilinso ndi vuto lomweli.

Akatswiri a ku Japan, motsogozedwa ndi Goro Yoshizaki, anapeza njira ina. Amatenga timbewu tam'kati timene timadzasanduka mazira kapena umuna nsomba ikakula, n'kutibaya mwa ana a nsomba ya mtundu wina wapachibale. M'chaka cha 2007 anasonyeza kuti nsomba za mtundu wa salmon zosabereka, zitapatsidwa timbewu ta nsomba ya trout, zinakula n'kuswa ana a trout okhaokha. Njirayi ikupereka chiyembekezo, koma imafuna zipangizo zodula ndi akatswiri ambiri. Mfundo yofunika kwa ife ndi yakuti chambo chachikazi sichingasungidwe m'thanki. Chiyenera kukhala chamoyo, m'madzi.

Phunziro lochokera ku Norway

Dziko la Norway lili ndi mitsinje yambiri imene nsomba ya salmon imakwera kukaswa, monga mmene mpasa umakwerera mitsinje ya Bua, Linthipe ndi North Rukuru nthawi ya mvula. Mtsinje uliwonse uli ndi banja lakelake la salmon lozolowera madzi a mtsinjewo. M'zaka za m'ma 1970, kachirombo kotchedwa Gyrodactylus salaris kanalowa m'dzikolo pamodzi ndi mbewu ya nsomba yoitanitsa kunja. Kanafalikira kudzera m'malo oswetsera nsomba, ndipo m'mitsinje imene kanalowa ana a salmon ankafa pafupifupi onse.

M'chaka cha 1986 dzikolo linayamba kuumitsa umuna wa salmon, mtsinje ndi mtsinje. Posakhalitsa anaona kuti umuna wokha sukwanira, choncho anamanganso malo osungira nsomba zamoyo, zazimuna ndi zazikazi, banja lililonse m'thanki yake. Mtsinje ukagwidwa ndi kachiromboka, ankathiramo mankhwala opha nsomba zonse pamodzi ndi kachirombo, kenaka n'kubwezeramo ana a banja la mtsinje womwewo ochokera ku nkhokwe. Mitsinje yambiri inachira. Koma ntchitoyi yatenga zaka zoposa 30 ndi ndalama zankhaninkhani, pokonza vuto limene linabwera ndi mbewu yoitanitsa. Ifenso tinalawako zotere m'chaka cha 2020, pamene matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anabuka ku Mchinji. Matenda a nsomba amayenda ndi nsomba zamoyo, madzi ndi maukonde onyowa.

Nkhokwe zamoyo zimene tili nazo kale

Nyanja ya Chilwa inaphwa m'chaka cha 1968 komanso m'chaka cha 1995. Anthu ankayenda pansi pamene pankadutsa mabwato. Koma madzi atabwerera, matemba, makumba ndi milamba zinabwereranso. Kodi zinachokera kuti? Zinabisala m'maiwe akuya a m'mitsinje yothira m'nyanjayi, monga Domasi, Likangala ndi Phalombe, komanso m'madambo. M'chaka cha 1995 mafumu, asodzi ndi alangizi anagwirizana zoteteza maiwewa ndi kuletsa kuthiramo katupe. Nsomba zochepa zimene zinapulumuka m'maiwemo ndi zimene zinakhala makolo a nsomba za m'nyanja yonse. Imeneyi inali nkhokwe ya mbewu, ndipo alonda ake anali anthu a m'midzi.

Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, mwambo wotseka usodzi nthawi ya mvula unayamba m'zaka za m'ma 1950 pansi pa ulamuliro wa Mfumu Makanjira. Ku Cape Maclear kuli paki ya Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1980, kumene usodzi ndi woletsedwa mamita 100 kuchokera kugombe la malo a pakiyo. Ku Domasi m'boma la Zomba kuli likulu la ulimi wa nsomba la National Aquaculture Centre, kumene amasunga makolo a makumba, chilunguni ndi mlamba, komanso amasankha makumba okula msanga kuti alimi apeze mbewu yabwino ya mtundu wathu womwe.

Ena amafunsa kuti, bwanji osangotenga nsomba yakunja yokula msanga? Tiyeni tione kumene nsomba yotchuka ya GIFT inachokera. Ntchito yoipanga inayamba m'chaka cha 1988 ku Philippines. Akatswiri anaona kuti tilapia woweta wa ku Asia wafooka chifukwa anachokera kwa makolo ochepa, choncho anabwera ku Africa kudzatenga tilapia wa m'madzi achilengedwe ku Egypt, Ghana, Kenya ndi Senegal. Anasakaniza mabanja asanu ndi atatu n'kumasankha okula msanga m'badwo uliwonse. Anatha kutero chifukwa m'mitsinje ndi m'nyanja za maiko amenewo munali mukadali makolo osiyanasiyana. Nafenso ngati tikufuna kudzakhala ndi chambo kapena makumba oweta okula msanga, posankhira pake ndi m'nyanja mwathu momwemu.

Udindo wa komiti ndi banja lililonse

Lamulo la za usodzi la m'chaka cha 1997 linapereka mpata woti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamalira nsomba. Pa nkhani ya mbewu, komiti ikhoza kutsogolera pa zinthu izi.

Choyamba, tetezani malo oswerana. Chambo chachimuna chimakumba chisa pa mchenga, chachikazi chimaikira mazira n'kuwatola m'kamwa, ndipo chimafungatira mpaka ana atayamba kusambira, kenaka chimakawasiya m'madzi osaya a m'mabango ndi m'maudzu. Khoka likadutsa pamenepo limafafaniza zisa, limazula udzu, ndipo mayi akagwidwa amalavula ana onse. Gwirizanani ndi mfumu ndi mlangizi za malo oti akhale otetezedwa, muikepo zizindikiro, ndipo aliyense adziwe malire ake.

Chachiwiri, lemekezani nyengo yotseka nyanja. Miyezi ya Novembala ndi Disembala ndi pamene chambo chambiri chimakhala ndi mazira m'kamwa.

Chachitatu, kanani maukonde a maso ang'onoang'ono ndi maneti otetezera udzudzu. Chambo chimatenga pafupifupi zaka zitatu kuti chiyambe kuswa. Kasawala amene ali pa thandala lero ndi mbewu imene sinabzalidwe.

Chachinayi, musatseke mtsinje wonse ndi mono kapena biyo nthawi imene mpasa ndi sanjika zikukwera kukaswa, ndipo musalole katupe kapena mankhwala a m'munda kuthiridwa m'madzi.

Chachisanu, munthu asabweretse mbewu ya nsomba yosadziwika kumene yachokera, ngakhale wogulitsayo alonjeze kuti imakula pa miyezi itatu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Damu limasefukira nthawi ya mvula ndipo zonse za m'menemo zimathera m'nyanja. Mukaona nsomba yachilendo pa doko, kapena nsomba za zilonda, isungeni ndipo dziwitsani mlangizi wa za usodzi tsiku lomwelo.

Chachisanu ndi chimodzi, amene muli ndi madamu, patulani makolo musanagulitse. Sankhani nsomba zokula msanga ndi zathanzi, zazimuna ndi zazikazi zambiri, osati ziwiri kapena zitatu. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, pezani makolo atsopano kwa oswetsa mbewu ovomerezeka kudzera kwa mlangizi.

Chachisanu ndi chiwiri, chitani zomwezo kukhola. Sinthanani atonde ndi atambala ndi midzi ina kuti tate asakwere ana ake. Ngati mwalandira tambala wa Mikolongwe kapena tonde wa Boer, musathe zachikuda zonse. Siyani zina zoswana zokhazokha, chifukwa ndi zimene zimadzifunira chakudya, zimafungatira mazira ndi kupirira nyengo yathu.

Pomaliza, lembani. Komiti ikhale ndi kope lolembamo mitundu ya nsomba imene ikupezeka pa doko mwezi ndi mwezi, imene yayamba kusowa, ndi malo amene akuluakulu amati kale kunkaswera chambo kapena ntchila. Afunseni agogo akadali moyo. Akatswiri akafuna kutenga makolo a nsomba kuti akasunge, amayamba ndi kufunsa asodzi kumene nsombazo zili.

Pa msonkhano wotsatira wa komiti yanu, kambiranani mafunso awa: Ndi nsomba ziti zimene makolo athu ankapha pa doko lino zimene ife sitikuzionanso? Zimene zatsala zimaswera pati, ndipo ndani akulondera malowo? Nanga mbewu ya m'madamu a m'mudzi muno inachokera kuti? Mayankho anu apatseni alangizi a za usodzi a m'dera lanu kuti tithandizane kusunga mbewu idakalipo.